Asilikali a America ku South Korea: musafulumire kuweruza

Abale ndi alongo, ambiri mwakhala mukundifunsa za nkhani ya mu Okutobala 2024, pamene North Korea inaphulitsa misewu yolumikiza dzikolo ndi South Korea, mpaka makolo ena anaimbira ana awo amene akuphunzira ku Seoul, likulu la South Korea, kuti abwerere kumudzi. Mitima ikhale pansi, koma mumvetse chenjezo ili: musamaganize kuti anthu onse a ku Korea ali ndi maganizo amodzi pa za asilikali a America.

Dziko la Korea linagawidwa mu 1945 ulamuliro wa Japan utatha, kumpoto kunalowa Soviet Union, kumwera America. Nkhondo imene inabuka mu 1950 inaima mu 1953 ndi pangano longoleka kuomberana, osati la mtendere, n'chifukwa chake asilikali a America pafupifupi 28,500 adakali ku South Korea. Okalamba ambiri amene anaiona nkhondoyo amawathokoza. Koma mu Juni 2002, galimoto yankhondo ya America inaponda ndi kupha atsikana awiri a sukulu ku Yangju, ndipo khoti la asilikali a America litagamula kuti oyendetsawo ndi osalakwa, anthu zikwizikwi anadzaza misewu ya Seoul atanyamula makandulo.

Bambo kumbuyoko mukufunsa kuti, "Nanga ngati sakuwafuna, bwanji osangowathamangitsa?" Apa ndi pamene ndimanena kuti musafulumire kuweruza. Ambiri mwa onyamula makandulo aja sankanena kuti asilikaliwo achoke, ankafuna kuti pangano la 1966 lokhudza asilikali a America m'dzikolo lisinthidwe n'cholinga choti msilikali wolakwira nzika aziweruzidwa m'makhoti a Korea. Chinanso chimene chimawawa ndi chakuti nkhondo itabukanso lero, asilikali a South Korea angalamulidwe ndi mkulu wankhondo wa ku America. Choncho munthu yemweyo angathe kuopa mabomba a nyukiliya a kumpoto, n'kumadandaulanso kuti mlendo wachulutsa mphamvu pakhomo la eni. Wodandaula sindiye kuti akusapota mtsogoleri wa North Korea, Kim Jong Un, ayi.

Achinyamata mukutokosa mafoni uko, ndinu amene mukufunsira maphunziro kumeneko, choncho ndifulumire. Musamafunse mwanthabwala kuti munthu ndi wa kumpoto kapena kumwera, chifukwa kuli nkhalamba zimene zinasiyana ndi abale awo pa nkhondo ija, ndipo mwambo wokumanitsa mabanja otere unachitika komaliza mu 2018. Musadabwe mnzanu wa m'kalasi akamati kugwirizanitsa mayiko awiriwa n'kodula kwambiri pamene agogo ake akulakalaka zimenezo. Ndipo mukaona zionetsero, mulambalale, popeza malamulo a South Korea salola mlendo kulowerera ndale.