Agogo a lipisitiki atisiya

Moni abale anga nonse, ndine mlongo wanu wa ku Oslo, ku Norway. Mawu asasa lero, mundipirire. Ndangotsika basi kuchokera ku shifiti ya usiku.

Agogo aja ndinkawasamala kuntchito, kunyumba ya okalamba, okana phala mpaka atapaka lipisitiki, atisiya cha m'ma 4 koloko. Zaka 93. Ndawasambitsa ndekha, ndawapesa, milomo ndawapaka, kenako ndatsegula windo monga amachitira kuno. Palibe angandiuze kuti Mmalawi sadziwa kulemekeza maliro.

Pakhoma pawo panali kope la chithunzi cha 1894 cha Edvard Munch, wojambula wa kuno ku Norway. Mtsikana wosavala, thupi losalala, wakumbatira mafupa okhaokha a munthu wakufa, akuwapsompsona. Tsiku loyamba ndinkakolopa nditachifulatira, mumtima ndikuti zaufiti izi. Agogo anandiitana, nati khala pansi mwanawe. Akuti Munch anachita kukanda mkuwa ndi singano yachitsulo, osathira asidi. Amati drypoint. Singano ikamadutsa, m'mbali mwa mzere mumatukuka timkuwa, ndipo timeneto ndi timene timagwira inki, mizere n'kutuluka yofewa ngati utsi. Koma ukadinda kangapo timaphwanyika, kufewa kuja n'kutha. Atatero anadzisisita tsaya.

Munch mayi ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu iye ali ndi zaka 5. Mlongo wake Sophie nayenso chomwecho mu 1877, ali ndi zaka 15. Nditamva zimenezo ndinakumbuka achemwali anga ku Dedza, mmene ankamangira duku lawo mwaluso thupi litatha kale ndi chifuwa chomwechi. Maliro awo ndinakhuza pa WhatsApp. Nkhani ya mapepala okhalira kuno, mukudziwa.

Ndiye abwana kubwera 7 koloko, mawu oyamba ndi oti chipinda chikonzedwe msanga, wina akudikira. Pepani sanamutchule! Kwathu bwenzi amayi atayala kale mphasa, nyimbo zili pakamwa, moto ukuyaka panja usiku wonse. Abale, inu amene mumasamala okalamba kunja kuno, musalole kuti wotchi ikuumitseni mtima. Akafuna mafuta onunkhira apakeni. Akafuna ndolo avekeni, ngakhale mawa lake kulibe. Ndipo imbirani amayi anu akadali ndi makutu, musamangotumiza ndalama basi.

Mwana wa agogowo wandipatsa chithunzicho. Chili patebulo pano, sindinachipachike. Ndikagone kaye, 9 koloko usiku ndibwereranso.