Nkhani Yanu Ifike Bwanji ku Khonsolo

Moni nonse amene mukumvera. Lero ndikulankhula ndi inu amene mwatopa kuona mtsinje ukusanduka mtaya, malo olimapo ndiwo akudulidwa mapuloti, ndipo mukufunsana kuti tiyambire pati. Tcherani khutu, zomwe ndinenezi ndi zoti mukayambe sabata yomwe ino.

Sankhani chinthu chimodzi. Chimodzi basi. Mukapita kukhonsolo n'kunena kuti "tikufuna chilengedwe chisamalidwe", akuvomerani ndithu, mwinanso kukuomberani m'manja, koma mubwerako chimanjamanja, chifukwa mawu amenewo sapatsa munthu aliyense ntchito. Nenani kuti: "Tikufuna galimoto ya zinyalala izifika pamsika kawiri pa sabata, ndipo zotsala za masamba ndi zipatso zizipatulidwa kuti zipangidwe manyowa." Mwamva kusiyana kwake? Apa pali munthu woti ayankhe, pali tsiku, pali ndalama zoti ziwerengedwe.

Mukatero fufuzani mwini mphamvu pa nkhaniyo, musakagogode khomo lolakwika. M'maiko ambiri misika, zinyalala ndi kagawidwe ka malo zili m'manja mwa khonsolo. Tumani anthu awiri akafunse kwa mlembi: ndi komiti iti imaona nkhani imeneyi, imakumana liti, ndipo bajeti ya chaka chamawa ayamba kuikambirana mwezi uti? Funso la bajetili ndi limene anthu ambiri amaliiwala, chonsecho ndi limene limagwira nkhani yonse. Mukafika bajeti itadutsa kale, ngakhale khansala wokufunirani zabwino adzangoti ndalama palibe, ndipo adzakhala akunena zoona.

Tsopano umboni. Apa ndiye musachite ulesi. Imani pamalo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, tsiku lililonse la msika, mujambule mulu wa zinyalalawo ndi foni. Gulani kope, muzilembamo tsiku lomwe galimoto yabwera ndi lomwe sinabwere. Khalani pansi ndi mayi wogulitsa ndiwo pafupi ndi ngalande yotsekeka ija, akuuzeni madengu angati amataya mvula ikagwa, mulembe monga anenera. Kope lotere musalipeputse. Mumzinda wa Knoxville ku America, ophunzira a payunivesite ya Tennessee anachita kafukufuku mu 1977 wa momwe chakudya chimafikira anthu amumzindamo, ndipo mu 1982 mzindawo unakhazikitsa bungwe lounikira ndondomeko za chakudya, limene limatchulidwa kuti ndi loyamba la mtundu wake. Zinayambira pa zolembalemba za ana asukulu.

Musapite nokha. Itanani alimi, amalonda, aphunzitsi, azaumoyo, atsogoleri azipembedzo, komanso aja amatolera mabotolo ndi zitsulo kumtaya, chifukwa palibe amadziwa zinyalala za mumzinda kuposa iwowo. Koma makamaka, ndikupempheni, yambani mwamva maganizo a anthu amene pempho lanu liwapweteke. Ngati mukufuna kuti kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kuthe, amene amalima pamenepo adya chiyani? Mukapanda kuwafunsa, mukawapeza kumsonkhano atakhala mbali inayo, ndipo khonsolo ikaona anthu agawikana imangoimika nkhani. Ku Kampala, dziko la Uganda, kulima mumzinda kunali kosavomerezeka bwinobwino kwa zaka zambiri, mpaka alimi, akatswiri ndi akhonsolo atakhalirana pansi, ndipo mu 2005 panatuluka malamulo olola ulimiwo ndi kuuikira malire.

Pena ndipatuke pang'ono: zovala zachipani zisiyeni kunyumba. Nkhani ya madzi abwino ikangopakidwa mtundu wa chipani, theka la makhansala latseka kale makutu.

Kalata yanu ikhale tsamba limodzi. Vuto, umboni, chimene mukupempha, ndi tsiku lomwe mukuyembekeza yankho. Mayina ndi masiginecha a anthu akhale kumbuyo kwake. Konzani makope awiri a kalatayo, ndipo wolandira adinde chidindo ndi kulemba deti pa kope lanulo musanatuluke muofesi. Wina akakuuzani kuti "tamva, tizionera", muthokozeni mwaulemu, koma chidindocho muchipemphebe. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndipo kalata imagwira ntchito, anthuni. Mu 1989 boma la Kenya litafuna kumanga nyumba yosanja ka 60 mu Uhuru Park ku Nairobi, mayi Wangari Maathai, womenyera chilengedwe wa m'dzikomo, analemba makalata kumaofesi aboma, kunyuzipepala ndi kwa ena ambiri. Ananyozedwa mpaka m'nyumba ya malamulo, koma nyumbayo sinamangidwe, ndipo pakiyo ilipo mpaka lero.

Tsiku la msonkhano bwerani ambiri, koma olankhula akhale atatu: wofotokoza vuto, wosonyeza umboni, ndi wowerenga pempho. Osakalipa, osaloza munthu chala. Musanabalalike funsani kuti zomwe agwirizana zalembedwa m'maminitsi, ndipo dzina la woti atsatire nkhaniyo ndi ndani.

Akavomera, musathetse gulu. Lamulo likhoza kudutsa n'kukagona m'kabati zaka. Pemphani mpando wokhazikika pamene zinthu zikukambidwa. Mzinda wa Belo Horizonte ku Brazil unatsegula ofesi yoona za chakudya mu 1993, n'kupatsa alimi ang'onoang'ono malo ogulitsirapo okha mumzinda, ndipo m'bungwe lolangiza ofesiyo munakhala nzika, amipingo ndi oimira ogwira ntchito. Mpando wotero ndi umene muufune.

Ndiye pofika Lachisanu, gulu lililonse likhale litagwirizana pempho lake limodzi, litasankha wosunga kope, ndipo awiri aja akhale atabwerako kwa mlembi ndi deti la bajeti. Zikomo pomvera.