Pepala la ECG likalemba kuti "Abnormal", kodi mtima wadwaladi?

[Pa sikirini: pepala lapinki la timabokosi, mzere ukukwera ndi kutsika]

Mwapita kuchipatala chifukwa pachifuwa pakuthina kapena mtima ukuthamanga. Anesi akugonekani pabedi n'kukumatani timawaya 10: sikisi pachifuwa, kamodzi pa mkono uliwonse ndi pa mwendo uliwonse. Pakangotha masekondi 10, makina alavula pepala, ndipo pamwamba pake palembedwa Abnormal ECG, kutanthauza kuti zotsatira za kuyeza mtimaku sizikuoneka bwino. Ambirife nkhawa imayambira pomwepo, adokotala asanayankhule n'komwe.

Pepalali likujambula magetsi. Mtima uli ndi kachigawo kake kumtunda, mbali ya kumanja, komwe kamathetheka nthawi ndi nthawi, ndipo magetsiwo akamatsika amalamula minofu kuti ifinye magazi. Munthu wamkulu akakhala phee, zimenezi zimachitika ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Amene anapanga makina oyamba odalirika ojambulira magetsiwa ndi Willem Einthoven wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1924. Makina akewo ankalemera makilogalamu pafupifupi 270, wodwala n'kumaviika manja ndi phazi m'zidebe za madzi amchere. Zilembo zomwe iye anasankha ndi zomwe tikugwiritsabe ntchito.

[Kamera iyandikire kugunda kumodzi]

Kachulu kakang'ono aka ndi P: zipinda zakumtunda za mtima zikufinya. Chosongoka ichi ndi QRS: zipinda zazikulu zakumunsi zikupopa magazi. Chulu chotsatirachi ndi T: mtima ukukonzekera kugunda kwina. Kabokosi kakang'ono kalikonse ndi masekondi 0.04, kotero pepalali ndi wotchinso.

Tiyambe ndi vuto lomwe kwathu kuno limapezeka kawirikawiri. Onani apa: P kulibe, pangotsala kamzere konjenjemera, ndipo mipata ya pakati pa ma QRS siikufanana, wina wautali, wina waufupi, ngati ng'oma ya munthu amene sanaphunzire kuimba. Iyi ndi atrial fibrillation. Zipinda zakumtunda zasiya kufinya, zikungonthunthumira, magazi n'kumadikha m'menemo mpaka kuundana. Kachibulumwa ka magaziko kakathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, ndiye sitiroko imeneyo, ndipo vutoli limachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu. Ku Ulaya amaliona makamaka mwa okalamba. Kuno mungalipeze mwa mayi wa zaka 30, chifukwa zilonda zapakhosi zomwe anadwala ali mwana, osalandira penisilini, zinadzaononga zitseko za mu mtima. N'chifukwa chake adokotala akaona chithunzi chimenechi amaganiza za mankhwala oletsa magazi kuundana, ngakhale wodwalayo akunena kuti akumva bwino. Mukhoza kuyamba kuzindikira nokha: ikani zala ziwiri pa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu, mumve ngati kugundako kukutsata ndondomeko.

[Pa sikirini: mzere wa pakati pa QRS ndi T watukuka]

Ichi ndiye chosadikira mawa. Kamzere ka pakati pa QRS ndi T, kotchedwa ST, kamayenera kugona pansi. Kakatukuka m'mizere yoyang'ana mbali imodzi ya mtima, munthuyo akutuluka thukuta, pachifuwa pakumulemera mpaka ululu kufika kumkono kapena kunsagwada, ndiye kuti mtsempha wodyetsa mtima watsekeka ndipo nyama ya mtima ikufa. Koma ST ikatukuka pafupifupi paliponse, ululu n'kumachepa munthu akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo, adokotala amaganiza za kutupa kwa kathumba kokuta mtima. M'dera lathu lino, TB ndi imene imayambitsa vutoli kawirikawiri. Madzi akadzaza m'kathumbamo, timizere tonse timafupika, ngati mawu a munthu woyankhulira m'chipinda chotseka.

T akasongoka ngati tenti, kawirikawiri mchere wotchedwa potaziyamu wachuluka m'magazi, makamaka impso zikafooka. Ma QRS akatalikirana mpaka mtima kumagunda ka 35 pa mphindi, P akuyenda payekha, magetsi aduka panjira, ndipo munthu wotere amakomokakomoka mpaka atamuika kachipangizo kotchedwa pacemaker.

Pali chinanso chomwe diso losazolowera silingachione. Ndi mtunda wochokera pa Q, poyambira pa QRS, kufika kumapeto kwa T. Ukatalika kupitirira theka la sekondi, atawerengera liwiro la mtima, mtima ukhoza kulowa m'kagundidwe koopsa komwe dokotala wa ku France, François Dessertenne, anakafotokoza mu 1966 n'kukatcha torsades de pointes. Chomwe chimanditenga mtima apa n'chakuti nthawi zambiri chotalikitsa mtundawu ndi mankhwala abwinobwino: kwinini, haloperidol wa matenda a maganizo, komanso bedaquiline ndi moxifloxacin, omwe amaperekedwa kwa odwala TB yosamva mankhwala. Ngati muli pa mankhwala amenewa ndipo akukuitanani ku ECG pafupipafupi, si kuti akukutayitsani ndalama za thiransipoti. Akuyeza mtunda umenewu. Musasiye mankhwala panokha, kafunseni.

[Pa sikirini: mawu aja oti Abnormal ECG]

Tibwerere ku mawu aja. Amalemba ndi kompyuta ya m'makinamo, ndipo kompyutayo sinakuoneni nkhope. Anyamata ambiri akuda, makamaka osewera mpira ndi othamanga, amakhala ndi ST yotukuka pang'ono ndi ma QRS ataliatali mtima uli bwinobwino. Wothamanga wokhwima mtima wake ukhoza kumagunda ka 50 pa mphindi popanda vuto. Waya wa mkono wamanja ukaikidwa kumanzere, kapena munthu akamanjenjemera ndi kuzizira, pepala limatuluka loopsa zedi. Komanso zimatheka pepala kuoneka labwino pamene mtima wayamba kale kuvutika, n'chifukwa chake munthu wa ululu pachifuwa amamujambulanso pakapita kanthawi, n'kumuyezanso magazi.

Ndiye adokotala akagwira pepala lanu, funso lawo limodzi limakhala lakuti, "Munajambulitsapo kale?" Akufuna kufananitsa, chifukwa mzere womwe unali choncho zaka zisanu zapitazo suwadetsa nkhawa ngati womwe wasintha lero. Tsoka ilo, pepala la makinawa limafufutika ngati lisiti la m'sitolo, makamaka likakhala padzuwa. Mukangolilandira, lijambuleni pa foni tsiku likuoneka, kenaka mulipinde n'kuliika m'buku lanu la kuchipatala.