Timawanga toyera totsala pa galimoto yotsukatsuka

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, anyamata otsuka magalimoto, madalaivala a minibasi, mwaswera bwanji nonse?

Ndani pano anatsukapo galimoto yakuda, mwini wake pobwera n'kuloza timawanga toyera pa boneti, n'kukana kulipira ndalama yonse? Eee, manja ndi ambiri. Tsitsani.

Timawanga timeneto si dothi ayi. Madzi a pa mjigo ndi a m'zitsime zambiri amakhala ndi mchere wa m'miyala, makamaka calcium ndi magnesium, womwe uja umasiya zoyera zomatirira m'kati mwa ketulo. Dontho likauma, mcherewo umatsala pa penti. Ndiye mu Okutobala muno boneti imatentha moti simungaikepo dzanja, ndipo madzi amauma inu musanazungulire n'komwe mbali inayo. Choncho tsukirani pamthunzi, kapena m'mawa chitsulo chisanatenthe. Yambani denga, tsukuluzani, pukutani, kenaka mutsike. Kuthira galimoto yonse n'kupita kukayankha foni, n'kumene kumatipweteka.

Nanga timawangato tikakhala kuti tatuluka kale? Gulani vinega woyera, wa m'golosale yemweyu. Sakanizani theka vinega, theka madzi. Madzi ake akhale a mvula oyera, kapena aja othira m'batire ogulitsidwa pa filing'i siteshoni. Ndati madzi, achimwene kumbuyoko, osati asidi wa batire! Nyowetsani kansalu kofewa, kayaleni pamalopo kwa mphindi imodzi, osalola kuti paume, kenaka tsukuluzani ndi madzi ambiri. Vinegayo amasungunula mchere uja, koma amachotsanso wakisi, mankhwala aja owalitsa ndi kuteteza penti, ndiye mukatha pakaninso.

Tsopano apa mvetsetsani. Mukachita zimenezi kawiri koma chizindikiro chikuonekabe, ndiye kuti mchere unadya kale vanishi wa pamwamba pa penti. Vanishi ameneyu ndi wopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Kukhula mwamphamvu sikuthandiza, mukungomupala. Sitiliwulo ayi, ufa wokwechera mapoto ayi. Pamafunika polishi, pang'onopang'ono, ndipo ngati chalowa kwambiri muuzeni mwini galimoto apite kwa odziwa makina opolishira. Ena amaopa kunena poganiza kuti kasitomala athawa. Ine ndimati bola athawe kusiyana n'kumulipira penti ya chitseko chonse.

Zitosi za mbalame ndi za mileme n'zoopsa kuposa madzi, chifukwa zili ndi asidi ndipo dzuwa likawomba zimadya msanga. Zikauma musazipale ndi chikhadabo, mumakhala timchenga. Ikanipo nsalu yonyowa zifewe, n'kuzinyamula. Phula wa mumsewu yemwe amamatirira kunsi kwa zitseko amachoka ndi palafini pang'ono pa kansalu, kenaka sopo nthawi yomweyo. Utomoni wa mango, kadontho ka sipiriti, mutayesa kaye pamalo pobisika.

Pali kanjira kodziwira ngati penti yayeradi. Mukatsuka, lowetsani dzanja m'kajumbo kopyapyala, n'kusisita boneti mopepuka. Mukamva khakhakha, pali tizinthu tomatirira tomwe sopo sachotsa. Pamenepo ndi pa ntchito ya clay bar, kadongo kofewa kogulitsidwa m'mashopu a zida za galimoto. Mumanyowetsa pamalopo ndi madzi a sopo wa galimoto, n'kumayendetsa kadongoko mowongoka, osakanikiza. Kakada, kapindeni mbali yoyera ibwere kunja. Kakagwa pansi katayeni, ngakhale mtima upweteke, chifukwa katola mchenga ndipo kakanda galimoto yonse.

Mayi apo akufunsa za sopo waufa wochapira zovala. Ndikudziwa kuti ndi wotchipa, mayi, koma ndi waukali, amachotsa wakisi yense n'kusiya penti ili mbuu. Sopo wa galimoto mumangothira wodzaza chivundikiro cha botolo lake m'chidebe. Ndipo zidebezo zikhale ziwiri, china cha sopo, china chotsukuluzira nsalu. Amene ali ndi galimoto yakuda panjapa aiimike pamthunzi paja, tikayesere limodzi.