Makalata a Omvera: Ngozi Ikachitika Pamsewu

Kalata yoyamba yachokera ku Domwe, m'boma la Angónia. Amayi amene alembayi apempha kuti tisawatchule dzina.

"Bambo akunyumba anagundidwa ndi chapa (minibasi yonyamula anthu) akupita ku Ulongwe panjinga, atanyamula thumba la kachewere. Mwendo unathyoka pawiri, anawaika chitsulo. Mwini galimoto anatipeza kuchipatala, anatipatsa mametikali 5,000, nati tisapite kupolisi. Ndalamazo zinathera pa mayendedwe ndi mankhwala. Lero dimba lagonera, mwana wamkulu wasiya sukulu kuti azithandiza pakhomo. Titani?"

Pepani kwambiri, amayi. Zoterezi zimandiwawa, chifukwa munthu amabwera ndi ndalama m'manja pa nthawi imene inu mtima uli pa wodwala. Simunalakwe kulandira. Koma mwendo wa bambo amene amadyetsa banja sungagulidwe ndi 5,000. Kuno ku Mozambique lamulo limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi seguru yolipira anthu amene yawavulaza, ndipo chapa ili momwemo. Kungoti a seguru amafuna kuona chikalata cha apolisi a pamsewu, n'chifukwa chake musachedwenso kupita kupolisi. Tengani mapepala onse akuchipatala, ngakhale kakang'ono kolembapo mankhwala, nambala ya galimoto ngati munailemba, ndi munthu amene anaona ngoziyo. Mukaona kuti akukuzungulitsani, pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Za mwanayo, kalankhuleni ndi aphunzitsi ake malo ake asatayike. Mudzatilemberenso.

Ina yachokera kwa dalaivala wa ku Moatize.

"Ndinagunda mwana madzulo pafupi ndi Mussacama. Anthu atayamba kuthamanga ndi miyala, ndinathawa. Sindikudziwa ngati ali moyo. Tulo sindikuona, chiwongolero ndikuchiopa."

Achimwene, mantha anu ndawamva, ndipo miyala ija si nkhambakamwa. Koma amene wathawa anthu olusa amayenera kukaima papolisi yoyamba, osati kunyumba kwake. Kusiya munthu wovulala pamsewu ndi mlandu paokha.

Ndilankhuleko ndi inu okhala m'mbali mwa msewu wa Zóbuè ndi wa Calomwe. Mukamenya dalaivala, ndani anyamule wovulalayo? Nthawi zambiri galimoto yokhayo imene ili pafupi ndi yomweyo. Ndipo ikagwa galimoto ya katundu, makamaka ya mafuta, talikirani. Tonse tikukumbukira Caphiridzange, mu Novembala 2016, pamene thanki ya mafuta inaphulika anthu akutunga petulo, n'kupha anthu oposa 70.

Inu achimwene, mawa m'mawa tengani amalume anu kapena mkulu wina wapabanja, mupite nawo kupolisi ndi mapepala a galimoto. Kumeneko n'kumene mukamve za mwanayo, ndiponso njira yokaonanira ndi makolo ake.