Chifukwa chake thupi limakana kuonda

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Tiyambe ndi muyeso wa kunenepa. Tengani makilogalamu anu, mugawe ndi kutalika kwanu m'mamita, zimene mwapezazo mugawenso ndi kutalika komweko. Munthu wa makilogalamu 90 wotalika mamita 1.7 apeza 31. Kuyambira 30 kupita m'mwamba, achipatala amati kumeneko ndi kunenepa kopitirira muyeso.

Njala siyambira m'mimba mokha ayi. Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, komwe kamalandira mauthenga a m'thupi. Mauthengawa amayenda m'magazi ndipo amatchedwa mahomoni. Mafuta a m'thupi amatumiza homoni ya leptin, imene wasayansi Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira mu 1994, yonena kuti nkhokwe ili ndi chakudya. Mimba ikakhala yopanda kanthu imatumiza ghrelin, yoitanitsa chakudya.

Tamverani bwino apa. Mukaonda, leptin amatsika, ghrelin amakwera, ubongo n'kuganiza kuti kwagwa chilala. Ndiye umakulitsa njala, uku ukuchepetsa mphamvu zimene thupi limawotcha ngakhale mutangokhala pansi. Zimenezi zimatha kupitirira chaka. N'chifukwa chake amene amadzimana chakudya mwankhanza amaonda msanga, kenako thupi limabwerera. Musamutchule waulesi munthu woteroyo, chonde. Akulimbana ndi ubongo wake womwe.

Nanga zakumtundu? Kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti majini, tizinthu ta m'thupi timene timatengera kwa makolo, amathandizira ndi 40 mpaka 70 peresenti pa kusiyana kwa matupi a anthu. Ana ena amene jini yawo ya MC4R, yothandiza ubongo kumva kukhuta, ili ndi vuto sakhuta, amangopempha chakudya china. Komabe majini amagwira ntchito ndi zimene zatizungulira, monga zakumwa zotsekemera zimene zimalowa zambiri munthu osamva kukhuta, kukhala pansi tsiku lonse, ndi tulo tosakwanira timene timakweza ghrelin.

Pochiza, musalakelake thupi lanu laubwana. Kuchotsa 5 mpaka 10 peresenti ya makilogalamu anu kumatsitsa kale shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa uja wa makilogalamu 90, ndi makilogalamu 4.5 mpaka 9 basi. Yendani mwandawala mphindi 150 pa sabata, gonani maola 7 kapena kuposerapo, ndipo muyambe ndi kusiya zakumwa za shuga. Kuyenda pakokha sikuondetsa kwambiri, koma kumathandiza kuti thupi lisabwerere.

Mankhwala aliko. Semaglutide, jakisoni wa kamodzi pa sabata, amatsanzira homoni ya m'matumbo ya GLP-1 youza ubongo kuti mwakhuta. Pa kafukufuku wa 2021, anthu anaonda pafupifupi 15 peresenti m'masabata 68. Ambiri amachita nseru poyamba, n'chifukwa chake dokotala amakweza mlingo pang'onopang'ono. Amene anasiya jakisoniyo anabweza magawo awiri mwa atatu a zimene anachotsa pakutha pa chaka. Opaleshoni yochepetsa chifu imaondetsa kuposa pamenepo, koma wochitidwayo amamwa mavitamini moyo wake wonse ndipo amayezetsa magazi kawirikawiri.