Akakwera Pansanja, Amatiuza Mfundo Kapena Amanyoza Anzawo?

A Gulupu, mafumu onse amene muli pano, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, makolo anga amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, ndikuthokozani kuti mwasiya ntchito zanu zakudimba n'kubwera kudzakhala pabwalo lino. Nkhani imene ndapemphedwa kuti ndikambe lero ndi ya kampeni ya anthu ofuna mpando wa pulezidenti, makamaka funso lakuti akakwera pansanja amatiuza zimene adzachite ndi dziko lino, kapena nthawi yawo imathera pa kunyoza anzawo amene akupikisana nawo.

Ndiyambe ndi zimene tonse timaziona. Msonkhano wachipani ukakhala pabwalo lasukulu, anthu amafika m'mawa, amayi amavina mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mtsogoleri mwiniwakeyo amatulukira chakumadzulo. M'mawa mwake mukafunsa pamjigo kapena kuchigayo kuti kunanenedwa zotani, ambiri amakumbukira dzina lachipongwe limene wina anapatsidwa, koma ndi ochepa amene angakuuzeni zimene zinanenedwa pa mtengo wa feteleza kapena pa kusowa kwa mankhwala m'zipatala. Ine ndikuona kuti mlandu umenewu si wa andale okha. Wandale amatchera khutu kuti amve pamene manja awombedwa kwambiri ndi pamene nthungululu zalira, ndipo pamsonkhano wotsatira amabwereza zomwezo. Ngati timasekerera chipongwe n'kumayasamula pamene akufotokoza za chuma, ndiye kuti tikumuphunzitsa ndife.

Komabe ndingakhale ndikunama nditanena kuti kampeni m'dziko muno sinakhalepo ndi mfundo. Pachisankho cha pa 17 Meyi 1994, a Bakili Muluzi ndi chipani cha UDF analonjeza maphunziro aulere a pulayimale, ndipo atapambana anachotsadi fizi chaka chomwecho. Ana m'sukulu zathu anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi, ndipo sindidzaiwala ana a Sitandade 1 atadzaza pansi pa mtengo wa mango, ena akuluakulu ndithu amene makolo awo anali atalephera kuwalipirira kwa zaka zambiri. Chinali chinthu chosangalatsa mtima. Koma zipinda zophunziriramo zinalibe, mabuku anaperewera, ndipo boma linachita kulemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji ya uphunzitsi. Lonjezolo linali labwino, koma panalibe amene anafunsa pabwalo kuti anawo adzakhala pati ndipo adzawaphunzitsa ndani.

Nkhani ya feteleza ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa imatikhudza tonse muno. Boma la a Bingu wa Mutharika linayambitsa ndondomeko ya makuponi mu 2005, ndipo kuyambira pamenepo palibe wofuna upulezidenti amene amalimba mtima kuima pansanja osatchula feteleza. Pachisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020, mgwirizano wa Tonse, wotsogozedwa ndi a Lazarus Chakwera ndi malemu a Saulos Chilima, unalonjeza thumba la makilogalamu 50 pa K4,495, ntchito miliyoni imodzi, ndi kuti anthu azidya katatu patsiku. Chaka choyamba alimi amene anali pamndandanda anaguladi thumba pa K4,495. Chaka chotsatira linafika pa K7,500, kenaka pa K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chinkatsika.

Sindikutchula izi kuti ndidzudzule chipani chimodzi, chifukwa nawonso a DPP mu 2014 analonjeza malata ndi simenti zotsika mtengo, ndipo aliyense angathe kuwerenga m'mudzi mwake nyumba zimene zinamangidwa ndi ndondomeko imeneyo. Ndikutchula kuti muone ubwino wa lonjezo lokhala ndi nambala: mungathe kulisunga, ndipo pakapita zaka mungathe kuliyeza. Chipongwe sichiyezeka. Munthu akanena kuti mnzakeyo ndi wopusa, pakatha zaka zisanu simungamufunse kanthu, chifukwa sanadzimange ndi lonjezo lililonse. N'chifukwa chake kunyoza kumawakomera ambiri a iwo.

Koma nambala payokha sikwanira kutchedwa mfundo. Feteleza wambiri amene timathira m'minda yathu amachokera kunja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino limazipeza makamaka pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Ndalama zimenezo zikachepa, kwacha imagwa. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, pa nthawi imene mitengo ya feteleza inali itakwera kale padziko lonse, nkhondo ya ku Ukraine itaikweza kwambiri. Choncho munthu akabwera kudzatiuza mtengo wa thumba, funso loyenera kumufunsa ndi lakuti ndalama zolipirira gawo lotsala la mtengo weniweni wa thumbalo adzazitenga kuti, ndipo adzachepetsa chiyani kuti zimenezo zitheke, misewu kodi, kapena mankhwala. Amene angayankhe funso limenelo mosazemba ndiye wabwera ndi mfundo. Amene wangotchula mtengo n'kuuza oimba kuti aimbe nyimbo wabwera ndi theka chabe.

Tsopano ndisiyanitse zinthu ziwiri zimene timakonda kuziphatikiza. Si kudzudzula kulikonse kumene kuli kunyoza. Mu 2013 kunaululika kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, nkhani imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Cashgate, ndipo pachisankho cha 2014 opikisana anali ndi ufulu wonse wofunsa boma limene linalipo kuti zinatheka bwanji. Kufunsa munthu za ntchito imene anagwira ali pampando, za ndalama za misonkho yathu, za mizere ya mafuta agalimoto, kapena ngati thanzi lake lingamulole kugwira ntchito yolemera chotere, ndi kampeni yoyenera. Koma a Joyce Banda ali wachiwiri kwa pulezidenti ananyozedwa poyera kuti ndi mayi wogulitsa mandasi amene sangalamulire dziko. Amayi anga amene mwakhala apa, ndi angati mwa inu amene mwaphunzitsa ana ndi ndalama za mandasi? Mawu amenewo sananene kanthu pa luso la munthu loyendetsa boma, koma ananyoza inu nonse. N'chimodzimodzinso kuseka kayendedwe ka munthu wokalamba, chipembedzo chake, kapena mtundu wake.

Za mtunduzi ndi zoopsa kuposa zonse. Mu 1994 mavoti anagawika motsatira zigawo: kumpoto a Chakufwa Chihana, pakati a Kamuzu Banda, kummwera a Muluzi. Wandale akadziwa kuti kwawo amuvotera ngakhale asanene chilichonse chanzeru, safunikiranso kukonza mfundo, amangokumbutsa anthu kuti winayo si wathu. Chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha 2019, chinanenanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka la onse. Zimenezi zikutanthauza kuti chigawo chimodzi sichingamukwanire munthu, ndipo amene wanyoza anthu a kwina amadzitsekera yekha khomo.

Malo amene mfundo zimayesedwa bwino ndi mtsutso wa opikisana, umene unayamba kuulutsidwa pawailesi ndi pakanema mu 2014. Kumeneko kulibe amayi ovina, nthawi yolankhula ndi yowerengeka, ndipo wofunsa amatha kubwereza funso ngati silinayankhidwe. Chondidandaulitsa n'chakuti mu 2014 a Joyce Banda, amene anali pampando, sanapiteko, ndipo mu 2019 a Peter Mutharika, nawonso ali pampando, sanapiteko. Amene ali ndi zambiri zoti ayankhe ndi amene akhala akusowa. Dziwaninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, choncho wokupatsani ndalama pamsonkhano kuti mumuvotere akuphwanya lamulo pamaso panu.

Pempho langa kwa inu a Gulupu ndi komiti yachitukuko ya m'mudzi muno ndi ili. Tavota pa 16 Seputembala 2025, ndipo malonjezo amene tinawamva akadali m'makutu mwathu. Tigule kope limodzi, mlembi wa komiti alembemo lonjezo lililonse limene tikulikumbukira, amene ananena, ndi mtengo kapena nthawi imene anatchula, kuyambira za pulezidenti mpaka za phungu ndi khansala. Kope limenelo lizikhala kwa a Gulupu, tiziliwerenga pabwalo lino chaka chilichonse tikatha kukolola, ndipo aliyense wodzapempha bwalo lochitira msonkhano pokonzekera chisankho cha 2030 adzayambe wamva zimene zalembedwamo asanapatsidwe mpata wolankhula. Achinyamata amene muli ndi mafoni, muthandize mlembi kupeza zimene zinalembedwa m'manifesito a zipani, kuti tisadalire kukumbukira kokha. Ndaona manja angapo akwezedwa kale kumbali ya amayi, choncho a wapampando, ndikubwezereni nthawi kuti tiyambe ndi iwowo.